Jenereta m'kati, mawindo otseka: tithandizane kukonza filimu ya munthu wadyera

Mlembi_Ngabu
Akuluakulu ndi anzanga nonse, pali nkhani ya filimu ya mphindi 40 imene ikufunika maso anu isanafike pojambula. Mwini nkhani ndi bambo amene ali ndi vidiyo sho pamsika wina wa kuno kuchigwa. Si mfiti, si chigawenga. Wangozindikira kuti makina akawafinya amatulutsa ndalama zambiri, ndiye akuwafinyadi.

Mafilimu athu ambiri onena za dyera amalephera kumapeto. Wadyera uja amachita misala, kapena mphenzi imamuomba. Chilango chimagwa kuchokera kumwamba, sichituluka m'zimene munthuyo wachita ndi manja ake, ndiye woonera amapita kwawo osaphunzira kanthu kokhudza makina. Pano tsoka lituluke m'makina momwemo, mwa njira imene wamagetsi akaonera avomereze kuti inde, zimachitikadi choncho. Ndiuzeni: chimayamba kuwonongeka n'chiyani, chifukwa chiyani, ndipo woyamba kuvulala ndani?

Wamagetsi_Nchalo
Achemwali, yambirani pa batire. Tinene kuti sho yake ili ndi TV ya 80W, ampulifaya ya 120W, kosewerera mafilimu ka 10W ndi mababu a 20W onse pamodzi. Ndi 230W. Batire la 12V la 100Ah limasunga 1,200Wh, koma batire la asidi salitsitsa kupitirira theka, ndiye zake ndi 600Wh. Inveta, kachipangizo kosintha moto wa batire kukhala ngati wa m'nyumba, nayo imadyapo pafupifupi 15 pa 100 alionse. Zotsalazo zimakwana maola awiri ndi mphindi zochepa. Filimu imodzi basi.

Wadyera sangavomere zimenezo. Awonjezera bolodi yotchajira mafoni 20, iliyonse ikukoka pafupifupi 8W, ndiye katundu wafika 390W. Kumbali ya batire, kale waya amanyamula pafupifupi 22A, tsopano akunyamula 38A. Apa ndi pamene ambiri samvetsa: kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi mphamvu yodutsamo. Mphamvu ikawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Kuchoka pa 22A kufika pa 38A waya akutentha pafupifupi katatu kuposa kale. Pamafunika waya wonenepa wa 10mm², koma iye wagula wa 1.5mm² wa mababu chifukwa ndi wotchipa.

Fyuzi idzapsa, imeneyo ndiyo ntchito yake. Ikapsa kachiwiri filimu ili pakati, anthu akukuwa kuti abwezeredwe ndalama, iye adzatenga msomali n'kulowetsa pamalo pa fyuzi. Msomali supsa. Ndiye chimene chidzapse ndi pulasitiki wa waya, kuseri kwa nsalu kapena mphasa imene watchingira khoma. Msomali umenewo muuonetse pafupi ndi kamera mphindi zisanu zoyambirira, woonera azikhala akuukumbukira.

Mnyamata_Thabwa
Akulu, nanga batire lenilenilo? Ambiri amagwiritsa ntchito la galimoto.

Wamagetsi_Nchalo
La galimoto analipangira kulizira injini kwa masekondi ochepa, osati kukamidwa usiku wonse. Ukalitsitsa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, mapuleti ake amamera zoyerayera zolimba ndipo silisunganso moto, miyezi ingapo latha. Likapuma n'kumawerenga pansi pa 12.1V ndiye kuti wadutsa kale theka lija. Onjezanipo kutentha kwathu kuno. Mabatire a asidi amayesedwa pa madigiri 25, ndipo madigiri 10 alionse owonjezera amadula moyo wake pafupifupi ndi theka. M'chipinda cha malata pa Ngabu mu Okutobala, kunja kukudutsa 40, werengani nokha. Potchaja limatulutsanso mpweya wa hayidirojeni umene umaphulika ndi kamoto kochepa, monga ka waya wongokolowekedwa pamutu pa batire osamanga ndi nati.

Namwino_Chikwawa
Moto ndi woopsa, koma umaoneka ndipo anthu amathawa. Ngati mukufuna chinthu chimene chingapangitse holo yonse kukhala chete, ganizirani za jenereta.

Ndondomeko yake ikhale iyi. Batire lafa, bambo uja wagula jenereta yaing'ono ya petulo. Poyamba akuiika panja. Kenako akuopa akuba, akuilowetsa m'kachipinda ka kuseri kolumikizana ndi sho. Nthawi yomweyo wakwiya ndi ana amene amasuzumira pa mawindo osalipira, ndiye watseka mipata yonse ndi mapepala akuda a pulasitiki ndi masaka. Chitseko ndi chimodzi, ndipo filimu ikayamba amachikhoma kuti wina asalowe mozemba. Chilichonse mwa zitatuzi pachokha chikuoneka chanzeru kwa munthu wamalonda. Zikakumana ndiye imfa.

Jenereta imatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Umakakamira m'magazi kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndiye munthu akupuma bwinobwino koma thupi silikulandira mpweya. Zizindikiro ndi mutu, chizungulire, mseru, kufooka ndi tulo. Kuno aliyense anganene kuti ndi malungo kapena kutentha. M'chipinda cha mdima mwana akagwetsa mutu, oyandikana naye amati wagona. Malangizo a zaumoyo amati jenereta ikhale panja, mamita osachepera 6 kuchoka pa chitseko ndi mawindo, paipi yotulutsa utsi italoza kwina.

Mnyamata_Thabwa
Ndiye ana okhala pansi kutsogolo ndi amene angayambe kukomoka, poti mpweyawo umatsikira pansi?

Namwino_Chikwawa
Ayi achimwene, zimenezo musaike m'filimu. Mpweya umenewu kulemera kwake n'kofanana pafupifupi ndi mpweya wamba, umangosakanikirana m'chipinda chonse. Ana amayamba kugonja chifukwa amapuma mofulumira kuposa akulu. Enanso amene ali pachiopsezo ndi amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima kapena ochepa magazi. Wokhala pafupi ndi khomo la kachipinda ka jenereta naye amalandira wochuluka.

Chinanso, chonde onetsani chithandizo cholondola, chifukwa anthu amatengera zimene aona. Kutsegula chitseko, kutulutsa onse panja, kuzimitsa jenereta, kuthamangira kuchipatala kuti akapatsidwe okosijeni. Osawamwetsa mkaka, osathira madzi m'kamwa mwa munthu wokomoka. Kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni kamanamiza pa vuto limeneli, kamaonetsa nambala yabwino pamene munthu ali pangozi. Choncho m'bale afotokozere adokotala kuti odwalawo anali m'chipinda chokhala ndi jenereta. Chiganizo chimodzi chimenecho m'kamwa mwa wosewera chikhoza kupulumutsa munthu weniweni.

Mlembi_Ngabu
Mayi, takhuta kwambiri. Mapepala akuda aja ndiwo ayankha funso langa. Anawaika pofuna kuteteza ndalama za pakhomo, ndipo ndi omwewo akutsekera mpweya.

Mphunzitsi_Nsanje
Pang'ono pokha, ndili ndi chodandaula. Mukumutcha wadyera munthu amene mwina ndi wosauka chabe. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira, dziko linataya pafupifupi 130MW ndipo magetsi ankazima maola ambirimbiri mpaka chaka chotsatira. Aliyense wa sho, wometa, wowotcherera anathamangira ku jenereta ndi mabatire. Waya woonda anagula chifukwa ndi amene akanakwanitsa. Filimu ikangoloza chala munthu wotere, ikhala ikunyoza anthu athu omwe.

Wamagetsi_Nchalo
Aphunzitsi akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake mzere wake uyenera kuoneka bwino. Umphawi ndi kugula waya woonda usakudziwa kapena ulibe ndalama. Dyera ndi kuuzidwa ndi wamagetsi kuti waya uyu apsa, ndalama uli nazo m'thumba, koma n'kukagula sipika yachiwiri kuti phokoso lipose la mnzako wa tsidya la msewu. Payenera kukhala malo m'filimu pamene akuchenjezedwa momveka, akumvetsa, n'kusankha. Popanda pamenepo ndi ngozi chabe.

Mkonzi_Dyeratu
Ndivomereze. Ngakhale filimu ija ya 1993 ya madayinoso othawa m'malo awo, Jurassic Park, imene ambiri tinaionera m'masho momwemu, mipanda yamagetsi sinazime yokha. Anaizimitsa ndi katswiri wa kompyuta amene analandira chiphuphu, ndipo eni malowo anali ataika zonse m'manja mwa munthu mmodziyo. Makina anachita zimene anauzidwa. Ndicho chimene chimagwira mtima.

Koma ine ndikufuna bambo wanuyu akhalenso ndi kompyuta yobenera mafilimu, chifukwa masiku ano sho ndi kubena zimayendera limodzi. Pali zinthu ziwiri.

Choyamba ndi memole yabodza. Pachikuto palembedwa 64GB, m'kati muli 8GB, koma kachipangizo ka m'kati mwake anakasintha kuti kaziuza foni kapena kamera kuti malo alipo 64. Ukamalemba, sikakana. Malo enieni akatha, zatsopano zimangotayika kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale. Maina a mafayilo amaoneka onse, kukula kwake kumaoneka bwino, koma ukatsegula mulibe kanthu. Kamera yojambula pa 50Mbps (muyeso wa deta yolembedwa pa sekondi) imadya pafupifupi 375MB pa mphindi, ndiye 8GB imatha pa mphindi 21 zokha. Tangoganizani bambo uja wagulitsa memole yotere kwa mnyamata wojambula chinkhoswe. Pofika nthawi ya malangizo a ankhoswe ndi perekaniperekani, palibe chikusungika. Palibenso pulogalamu imene ingabweze, chifukwa zinthuzo sizinalembedwe n'komwe. Njira yodziwira ndi imodzi: musanagwiritse ntchito memole yatsopano, iyeseni ndi H2testw pa Windows kapena F3 pa Linux. Imadzaza memole yonse n'kuwerenganso. Zimatenga nthawi, mwina ola kapena kuposa, koma yabodza imagwidwa pompo.

Chachiwiri ndi kufinya. Kuti alowetse mafilimu 25 mu memole ya 8GB, iliyonse ayenera kuitsitsa kufika pa 300MB. Filimu ya maola awiri pa 300MB ndi pafupifupi 0.33Mbps. Pamlingo umenewo choyamba kufa ndi malo amdima, madzi oyenda, fumbi ndi udzu wogwedezeka. Nkhope za anthu akuda usiku zimasanduka timabokosi. Ndiye kuti filimu yojambulidwa pa Shire madzulo ndi imene imawonongeka kwambiri kuposa ya ku ofesi yowala. Wina akaikoperanso n'kuitumiza pa WhatsApp imafinyidwa kachiwiri, ndipo zimene zatayika sizibwerera.

Mayi_wa_Kamera_Bangula
Onjezanipo kuti amadula maina a kumapeto kuti asunge malo, n'kumata nambala yake ya foni pakona pa chithunzi. Osewera, wojambula, oimba ulimba amene nyimbo yawo ili m'filimumo, onse afufutika. Anthu amaidziwa filimuyo ndi dzina la wobena.

Mkonzi_Dyeratu
Eya mayi. Ndipo zotsatira zake zimamubwerera mochedwa. Wopanga filimu sanapeze ndalama zake, sapanganso yachiwiri. Chaka chamawa makasitomala akufunsa za Chichewa kapena za Chisena zatsopano, palibe. Wadya mbewu.

Mphunzitsi_Nsanje
Pa malamulo, kuti musalakwitse: lamulo la Copyright Act la 2016 ndilo likugwira ntchito, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA, limene linayamba mu 1992. Kuonetsa mafilimu kwa anthu olipira kumakhudzanso Censorship Board pansi pa lamulo la 1968. Koma ndikupempheni, apolisi asakhale ndiwo mathero a nkhani. Akangomangidwa, woonera amati vuto linali kugwidwa.

WaMawu_Makhanga
Palibe amene wakhudza za AI, makompyuta otsanzira nzeru za munthu, pamene ndi kumene dyera latsopano lili. Masho ambiri amakoka anthu chifukwa cha womasulira, uja amalankhula Chichewa pamwamba pa filimu yachitchaina kapena yachimwenye. Anthu amatsata mawu ake, nthabwala zake. Bambo wanu atope kumulipira. Mphwake wodziwa kompyuta amuuze kuti pali mapulogalamu otengera mawu a munthu kuchokera ku zojambula zakale, n'kumawalankhulitsa chilichonse chimene walemba.

Chimene chimalakwika n'chodziwika kwa aliyense wogwira ntchito ya mawu. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukweza kapena kutsitsa mawu, koma polemba sitionetsa. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi. Khungu la pathupi ndi khungu la kusaona chimodzimodzi. Ngakhale "ndinapita" amasintha nthawi yake malinga ndi pamene wakweza. Makina amene anaphunzira kwambiri Chingerezi amangoganizira, ndiye mawu ndi a munthu uja koma kayankhulidwe n'kachilendo. Akafika pa mawu a kuno okhala ndi ps, bz, pf ndi bv ndiye amapunthwa kwambiri. Sapuma pamene munthu amapuma, saseka pamene holo ikuseka. Anthu sadzadziwa kufotokoza vuto, adzangoti womasulira uja wasintha, kapena akudwala, n'kuyamba kuchepa.

Koma choopsa chili patsogolo. Mawu aja tsopano ali mu kompyuta ya mphwake. Tsiku lina achibale a womasulira alandira voisi pa WhatsApp: "Madzi atizungulira, tumizani ndalama ya bwato pa nambala iyi." Mawu ndi ake enieni, ndipo atumiza pa Airtel Money kapena Mpamba osafunsa. Bambo uja sanafune kubera aliyense mwa njira imeneyi, ankangofuna kusunga malipiro a munthu mmodzi. Izi si zongopeka za m'tsogolo. Mu 2024 ku Hong Kong wogwira ntchito pa kampani ina anatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 25 miliyoni atachita msonkhano wa pavidiyo ndi nkhope ndi mawu opangidwa a mabwana ake. Ku America nako, osewera mafilimu ananyanyala ntchito masiku 118 mu 2023, ndipo imodzi mwa nkhani zikuluzikulu inali yakuti nkhope ndi mawu a munthu zisakoperedwe ndi makina popanda chilolezo chake ndi malipiro.

Mlembi_Ngabu
Achimwene, izi zandigwira. Koma kodi sizichulukitsa nkhani? Waya, jenereta, memole, mawu, zonse mu mphindi 40?

Mayi_wa_Kamera_Bangula
Zichuluka, mwanawe. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani msana umodzi. Ine ndikanatenga jenereta ngati msana, msomali wa fyuzi ngati chenjezo loyamba, womasulira ngati munthu amene akuchotsedwa ntchito. Taonani ubwino wake: womasulira uja akanakhala m'holo ndi maikolofoni, akuyang'ana anthu, akanaona kuti ana asiya kuseka. Makina olankhula sangaone. Mawu ake akupitiriza nthabwala m'sipika pamene kutsogolo ana agwetsa mitu. Pamenepo nkhani ziwirizo zakhala imodzi. Za memole zisungeni, ndi filimu ina payokha.

WaMawu_Makhanga
Mayi mwamanga bwino. Pamenepo mawu ndiwo agwire ntchito, osati chithunzi. Jambulani kulira kwa jenereta padera, panja, mphindi zitatu zosadukiza, pa 48kHz, mulingo usapitirire -12dB kuti pasakhale kuthetheka. Jambulaninso phokoso la holo katatu: anthu akuseka kwambiri, akuseka ochepa, kenako mabenchi okha ndi kupuma. Pokonza, muzitsitsa kuseka pang'onopang'ono kwa mphindi zinayi kapena zisanu, jenereta ikhale pomwepo osakwera. Mukalowa m'mutu mwa mwana, dulani mawu onse okwera kuposa 800Hz kuti zimveke ngati ali pansi pa madzi. Nyimbo yachisoni musaike. Ikangolira, woonera wadziwa kale ndipo mantha atha.

Namwino_Chikwawa
Ndipo ndinene mosabisa: pojambula gawo limeneli jenereta isalire m'chipinda ngakhale kwa mphindi imodzi. Ikhale yozima, yopanda petulo. Musatseke mipata yeniyeni muli ana m'kati. Mapepala akuda muwamate mbali imene kamera ikuona yokha, mbali ina ikhale yotsegula, madzi akumwa ali pafupi, ndipo mujambule m'mawa kusanatenthe. Makolo a mwana aliyense asaine chilolezo atafotokozeredwa zimene mwanayo adzachite, ndipo kholo limodzi likhalepo.

Mayi_wa_Kamera_Bangula
Moto wa waya nawonso musayatse m'nyumba. Waya wosungunuka mujambuleni pafupi, panja, pa njerwa, mchenga uli m'ndowa, wamagetsi ali pomwepo, ndipo musapume utsi wake chifukwa pulasitiki ameneyu ndi poizoni. Kuwala kwa moto pankhope za anthu kumapangidwa ndi nyali yokutidwa ndi pepala la olenji, wina akugwedeza katoni patsogolo pake.

Za kamera: magetsi athu ndi a 50Hz, ndiye jambulani pa mafulemu 25 pa sekondi, shata (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) pa 1/50. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30, ndipo pansi pa mababu otchipa chithunzi chimaphethira kapena kuyenda mizere. Pa jenereta yaing'ono liwiro la injini limasinthasintha, ndiye ngakhale 1/50 sikuthandiza kwenikweni. Gwiritsani nyali za LED za batire. Chithunzi cha pa TV ya m'sho chikhale chanuchanu chimene mwajambula nokha. Simungapange filimu yodzudzula wokopera za eni inu mukuonetsa filimu ya eni popanda chilolezo.

Mnyamata_Thabwa
Nanga drone? Kutsegulira ndi chithunzi cha m'mwamba cha Shire ndi minda ya mizimbe kungakongole.

Mayi_wa_Kamera_Bangula
Kungakongole, koma dziwani zimene mukunyamula. Ma drone ang'onoang'ono ambiri anawalembera kuti agwire ntchito mpaka madigiri 40, ndipo kuno masana a Okutobala ndi Novembala timafika pamenepo. Batire lake ndi la lithiamu, selo lililonse 4.2V kapena kuposerapo pang'ono likadzaza. Mukalisiya lodzaza m'galimoto yotseka limatupa, ndipo lotupa saulutsa, satchajanso, saboola. Losagwiritsidwa ntchito masiku angapo lisungidwe pa 3.8V pa selo, pamthunzi. Mukatera lisiyeni lizizire musanatchaje.

Pamwamba pa madzi pali vuto lina. Timaso ta pansi pa drone timafuna nthaka yooneka bwino kuti iime malo amodzi. Madzi oyenda kapena onyezimira amatisokoneza, ndiye ikakhala pafupi ndi madzi imatsetsereka yokha kapena kutsika. Wofuna chithunzi chokhudza madzi ndi amene amaitaya mu Shire, ndipo m'menemo muli ng'ona, musatume mwana wa eni kukaivuula. Muuluke m'mawa, mubwerere batire likafika 30 pa 100. Chilolezo chimachokera kwa oyang'anira za ndege. Ku Majete ndi ku Lengwe simuulutsa popanda eni malo kuvomera, nyama zimadzidzimuka ndi kulira kwake. Ku Khulubvi musayerekeze n'komwe musanakhale pansi ndi osunga kachisi wa Mbona.

Mphunzitsi_Nsanje
Poti mwatchula madzi, pali dyera lina limene limandipweteka kuposa onsewa, ndipo ndi la anthu a makamera. Madzi akasefukira, monga mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, zithunzi za kuno zimayenda dziko lonse. Ena amasunga mavidiyo akalewo. Mvula ikangoyamba amawatulutsanso ngati a lero, n'kuikapo nambala yolandirira thandizo kapena kungofuna owatsatira pa Facebook ndi TikTok. WhatsApp imachotsa zambiri zosonyeza tsiku limene vidiyo inajambulidwa, ndiye wolandira sangadziwe msanga. Anthu akathawa kawiri pachabe, kachitatu uthenga woona wakuti mtsinje wa Ruo wadzaza kumtunda ukafika, amati ndi zija zomwe. Wovulala si amene anatumiza bodza, ndi banja la ku Makhanga limene lachedwa kusamuka.

Kutsimikiza sikovuta. Imitsani vidiyo, jambulani chithunzi cha pa sikirini, chifufuzeni ndi Google Lens muone ngati chinatulukapo kale. Yang'anani msinkhu wa chimanga, mlatho ngati uli momwe ulili lero, zovala za anthu. Imbirani munthu wa kumaloko. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo, koma pofika kukhoti chikhulupiriro cha anthu chimakhala chitapita kale.

Ndipo wojambula m'misasa ya anthu othawa madzi apemphe kaye. Mayi amene wataya zonse sali pamenepo kuti akongoletse filimu ya wina.

Mlembi_Ngabu
Aphunzitsi, imeneyo ndi filimu yachitatu ndipo iyenera kupangidwa. Pa iyi ndatsala ndi funso limodzi. Ndani avulale? Maganizo oyamba anali akuti mwana wake yemwe wa bambo uja akhale m'holo.

Mkonzi_Dyeratu
Ambiri angalembe choncho, achemwali, ndipo woonera adzaziona zikubwera kuchokera patali. Komanso zimapereka phunziro lokhota, ngati kuti kulakwa kwake n'kwakuti mwana wake analimo. Akanakhala ana a eni okhaokha bwenzi zili bwino?

Namwino_Chikwawa
Akale anati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Pa makina zimatembenuka, adya akulu, opotedwa ndi ana. Kwa ine akhale mwana uja ankasuzumira pawindo. Mapepala akuda atamutsekera, wagulitsa nsomba zouma za amayi ake masiku atatu kuti apeze ya pakhomo, ndipo lero ndi tsiku lake loyamba kulowa ngati munthu wolipira. Asafe. Apulumuke, koma dziwani kuti mpweya umenewu umatha kusiya mavuto a ubongo amene amaonekera patapita masiku kapena masabata: kuiwalaiwala, mutu wosatha, kusintha khalidwe. Aonekenso m'kalasi patatha mwezi, aphunzitsi akumufunsa chinthu chimene ankachidziwa bwino.

Mphunzitsi_Nsanje
Pamenepo ndavomera. Bambo uja akhale wamoyo, wosamangidwa, akudutsa pa sukulupo tsiku lililonse.

Wamagetsi_Nchalo
Kanthu kamodzi ka m'manja, achemwali, kuti amagetsi asakutsutseni. Ngati msana ndi jenereta, ndiye usiku wa ngoziyo batire ndi inveta zisaoneke zikugwira ntchito, chifukwa TV ikudya ku jenereta mwachindunji. Msomali uja ntchito yake ithere pakati pa filimu: waya anyeke pang'ono masana kulibe anthu, iye azimitse ndi mchenga, apente khoma, auze mkazi wake kuti asauze munthu. Batire lafa, wapulumuka, ndipo chimene waphunzira n'chakuti zinthu zimatha bwino. Ndicho chimamupatsa mtima wolowetsa jenereta m'nyumba.

Muonetsenso chifukwa chimene sakuizimitsira ngakhale wina atadandaula mutu. Tanki ya tijenereta tating'ono timeneti ndi ya malita anayi kapena kuchepera, ndipo iye wawerengera kuti petulo ameneyo atulutse mafilimu atatu usiku umodzi. Kuima mphindi 15 kuti anthu apume panja ndiye kuti filimu yachitatu ithera pakati pa usiku anthu atapita. Mayi wina akagogoda kuti atuluke, iye ayankhe kuti chitseko chitsegulidwa filimu ikatha.

Mlembi_Ngabu
Ndalemba zonse. Ndiye amene adzathyole chitseko ndi womasulira uja, akudutsa panja n'kumva mawu ake omwe akuseketsa holo imene sikuseka. Bambo a ku Nchalo, chitseko chitsegukire m'kati kapena kunja?

Wamagetsi_Nchalo
M'kati, ngati zitseko zambiri za m'misika yathu, ndipo benchi yomaliza ikhale itatsamira pomwepo muli anthu atatu ofooka. Adzafunika kuzula mahinjesi. Mum'patse chitsulo chochotsera tayala kuchokera kwa wokonza njinga wapafupi, ndipo pojambula mumasuliretu zomangira zitatu mwa zinayi pa hinjesi iliyonse kuti chitseko chigwere kunja kumene kulibe ana.